Madame Bovary: buku lomwe adaliimba mlandu chifukwa mlembi adakana kuweruza

Buku langa la Madame Bovary ndidaligula kwa anyamata amene amayala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Old Town, lili pakati pa mabuku a masamu a Fomu 3 ndi magazini ofwifwa ndi dzuwa. Lidalembedwa m'Chifalansa, koma langali ndi lomasuliridwa m'Chingerezi. Nditamaliza kuwerenga ndidalibwereketsa kwa achemwali anga aakulu, amene amaphunzitsa Chichewa pasukulu ina ya sekondale kuno ku Lilongwe. Adakhala nalo milungu itatu. Tsiku lobweza adaliika patebulo n'kundifunsa kuti, "Achimwene, bukuli ndaliwerenga lonse ndipo landiwawitsa mtima. Koma phunziro lake n'lotani? Mlembiyu ali mbali ya ndani?"

Funso limeneli si lachibwana. Ndi lomwelo limene lidafunsidwa m'khothi ku Paris kumayambiriro kwa chaka cha 1857, pamene boma la France lidatengera kubwalo mlembi wa bukuli, Gustave Flaubert. Ife tidakula ndi nthano za "Padangokhala", "Tili tonse", ndipo tisanauzidwe kuti tikaphule mbatata pamoto, agogo ankatiuza kaye chimene Kalulu kapena Fisi watiphunzitsa. Kusukulu nako, ukawerenga nthano yaitali, funso la mayeso limafuna kuti utchule mwininkhani, malo, nthawi ndi phunziro. Flaubert adalemba nthano yaitali ya chigololo, ngongole ndi imfa, koma phunzirolo adalichotsa dala. Pamenepo ndiye pagona mlandu wake, ndiponso pamenepo ndiye pagona ukulu wa bukuli.

Nkhani yake payokha ndi yoti mutha kuimva mu minibasi yochokera ku Mitundu. Charles Bovary ndi munthu wachipatala wa kumudzi, osati dokotala weniweni, koma wa giredi yotsikirapo, ngati amene ife timawapeza m'zipatala zazing'ono za m'madera. Ndi munthu wofatsa, wolimbikira ntchito, koma wopanda chidwi ndi chilichonse kupatula chakudya chake ndi mkazi wake. Mkazi wake woyamba atamwalira, adakwatira Emma Rouault, mwana wa mlimi wina amene adamuchiza mwendo wothyoka. Emma adaphunzira kusukulu ya masisitere ku Rouen, kumene ankawerenga mobisa mabuku a chikondi odzaza ndi akalonga, nyumba zachifumu ndi misozi ya usiku wa mwezi. Adalowa m'banja akuyembekeza zimenezo, n'kukapeza mwamuna amene amabwera madzulo atatopa, kudya, n'kugona mkonono uli lilili. Tsiku lina adaitanidwa kuphwando la dansi kunyumba ya munthu wina wolemera ku La Vaubyessard, ndipo usiku umodzi umenewo udamuwononga mtima, chifukwa adaona ndi maso ake kuti moyo wa m'mabuku uja ena akuudyadi. Banjalo lidasamuka ku Tostes kupita ku Yonville. Kumeneko Emma adabereka mwana wamkazi, Berthe, adagwa m'chibwenzi ndi Rodolphe Boulanger, mwini minda wodziwa kunyengerera akazi, kenaka ndi Léon Dupuis, kalaliki wa kwa loya. Nthawi yonseyi wamalonda wina, Lheureux, ankamupatsa nsalu, makatani ndi mphatso za zibwenzi zake pangongole. Ngongole itafika pa mafulanki 8,000 (ndalama za ku France za nthawiyo) ndipo katundu wa m'nyumba atalembedwa kuti alandidwe, Emma adazungulira kwa aliyense amene ankamudziwa, onse adamukaniza, ndipo adamwa poizoni wotchedwa arsenic.

Amene adalemba zimenezi adali mwana wa dokotala. Flaubert adabadwa pa 12 Disembala 1821 ku Rouen, m'chigawo cha Normandy, ndipo bambo ake adali mkulu wa madokotala a opaleshoni pachipatala chachikulu cha mumzindamo, Hôtel-Dieu. Banja lawo linkakhala pachipatala pomwepo. Adamutumiza ku Paris kuti akaphunzire zamalamulo, koma mu 1844 adagwidwa ndi matenda akugwa ndipo sukulu adaisiya. Kuyambira pamenepo adakhazikika kunyumba ya banja lawo ku Croisset, m'mphepete mwa mtsinje wa Seine, n'kumangolemba. Chuma cha makolo chidalipo, choncho sankalembera kuti apeze ya ndiwo. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa munthu wolembera njala sangathe zaka pafupifupi zisanu pabuku limodzi.

Poyamba sadali mlembi wa zinthu wamba ayi. Mtima wake udali pa zodabwitsa, milungu yakale, masomphenya ndi mayiko akutali. Mu Seputembala 1849 adaitana anzake awiri, Louis Bouilhet ndi Maxime Du Camp, nawawerengera kwa masiku anayi buku lalikulu limene adalemba lonena za mayesero a Antoni Woyera m'chipululu. Atamaliza, anzakewo sadamunyengerere. Adamuuza kuti aliponye pamoto, ndipo ngati akufuna kuchira matenda okometsera mawu, atenge nkhani ya pansi pano, ya anthu wamba. Adayamba wapita kaye ulendo wa ku Egypt ndi mayiko oyandikana nawo pamodzi ndi Du Camp, n'kubwerako mu 1851. M'dera lawo mudali nkhani imene anthu ankaidziwa, ya wachipatala wina wa m'mudzi wa Ry, Eugène Delamare, amene mkazi wake Delphine adamwalira akadali mtsikana mu 1848 atasiya ngongole ndi mbiri yoipa. Akatswiri ambiri amaloza nkhani imeneyi ngati mbewu ya bukuli. Flaubert adayamba kulemba mu Seputembala 1851 ndipo adamaliza mu Epulo 1856.

Mmene ankagwirira ntchitoyi timadziwa bwino chifukwa cha makalata amene ankalembera bwenzi lake, mlakatuli Louise Colet, nthawi zambiri pakati pa usiku atatopa. Tsamba limodzi linkamutengera masiku angapo. Ankafuna kuti chiganizo chilichonse chikhale cholimba ngati mzere wa ndakatulo, choti ukachotsapo liwu limodzi chigwe. Akalemba ankadziwerengera mofuula m'chipinda mwake, kuti khutu limuuze pamene mawu akugundana kapena kubwerezeka. Mapepala amene adalemba ndi kufufuta asanafike pa buku lomaliza ndi pafupifupi 4,500, ndipo akusungidwa kulaibulale ya mzinda wa Rouen. Ine chimene chimandikhudza n'chakuti khama lonseli adalithera pa anthu amene olemba anzake akadawaona ngati osayenera inki: wogulitsa mankhwala wolongolola, wansembe wa kumudzi, mnyamata wosamala akavalo panyumba ya alendo. M'kalata ina adauza Colet kuti Bovary wake wosaukayo, pa ola lomwelo, akuvutika ndi kulira m'midzi makumi awiri ya France.

M'makalata omwewo ndimo muli mfundo imene idasintha kalembedwe ka nthano zazitali. Mu 1852 adalemba kuti mlembi m'buku lake akhale ngati Mulungu m'chilengedwe: apezeke paliponse, koma asaoneke paliponse. Olemba amene adamutsogolera sankatero. Honoré de Balzac, amene adalemba za ndalama, nyumba za lendi ndi ngongole za anthu a ku Paris mwaluso lalikulu, ankaima pakati pa nkhani n'kuyamba kukufotokozera maganizo ake pa ukwati kapena pa ndale. Stendhal naye mawu ake umawamva akuseka kapena kudandaula pambali pa mpangankhani wake. Flaubert adatseka pakamwa. Palibe pamene mfotokozankhani akunena kuti, "Taonani mkazi woipayu," ndipo palibenso pamene akunena kuti, "Mumvereni chisoni." Mlembi wa kwathu kuno akadafika pa Rodolphe akadaponyapo mwambi wa chikomekome cha mkuyu, ndipo tonse tikadagwedeza mutu. Flaubert m'malo mwake akungotionetsa Rodolphe akulemba kalata yothetsa chibwenzi, kenaka n'kuviika chala m'madzi a m'tambula n'kudonthezera pa pepala kuti Emma ayese ndi msozi. Kalatayo adaitumiza pansi pa zipatso m'dengu. Ndemanga palibe. Mkwiyo umene umakugwira powerenga ndi wako.

Tsono kuti bukuli lifike kwa anthu padali nkhondo. Masiku amenewo nthano zazitali zambiri zinkayamba kutuluka zigawozigawo m'magazini. Du Camp, mnzake uja, adali mmodzi mwa akuluakulu a magazini ya Revue de Paris, pamodzi ndi Léon Laurent-Pichat. Atalandira bukulo adalembera Flaubert kuti muli zinthu zambiri zosafunika, ndipo alole kuti munthu wina wodziwa ntchito alidule pamtengo wochepa. Munthu amene wathera masiku pa tsamba limodzi kumuuza zimenezo kuli ngati kuuza mmisiri kuti mpando wake wa mlombwa aupungule miyendo kuti ulowe pakhomo. Flaubert adakana. Bukulo lidayamba kutuluka pa 1 Okutobala 1856 ndipo lidatha pa 15 Disembala, m'zigawo zisanu ndi chimodzi.

Akuluakulu a magaziniyo adali ndi chifukwa chenicheni choopera. France idali pansi pa Napoleon III, amene adalanda boma mu Disembala 1851 n'kudzilonga ufumu chaka chotsatira. Malamulo ake ankalola boma kuchenjeza nyuzipepala kenaka kuitseka, ndipo Revue de Paris inkadziwika kuti siyimbira boma m'manja. Choncho m'gawo la pa 1 Disembala adachotsa ndime imene idadzatchuka kuposa zonse. Emma ndi Léon akumana m'tchalitchi chachikulu cha Rouen, atuluka, akwera ngolo ya hayala yokokedwa ndi akavalo, makatani ake atatsekedwa. Ngoloyo izungulira mzinda wonse kuyambira masana mpaka cha m'ma 6 koloko madzulo, ndipo woyendetsa akafuna kuima, mawu ochokera m'kati amukalipira kuti apitirire. Flaubert sakutilowetsa m'ngolomo. Akungotchula mayina a misewu imene idadutsa, anthu odabwa m'mbali mwa njira, ndi dzanja la mkazi limene lidatulukira pawindo kamodzi n'kumwaza tizidutswa ta pepala. Pepalalo lidali kalata imene Emma adalemba yomukana Léon. Akuluakulu a magazini aja atachotsa ndimeyi, ndi zina m'gawo lomaliza, Flaubert adakakamiza magaziniyo kusindikiza chidziwitso chakuti owerenga aone zimene zatulukazo ngati zidutswa chabe, osati buku lake lathunthu. Chidziwitso chimenechi chidangoitana maso a boma, chifukwa aliyense adayamba kuganiza kuti zodulidwazo n'zonyansa koposa.

Mlandu udalowa kumapeto kwa Januwale 1857. Oimbidwa mlandu adali atatu: Flaubert, Laurent-Pichat ngati mkulu wa magazini, ndi wosindikiza, Auguste Pillet. Mlandu wake udali wonyoza chikhalidwe cha anthu ndi chipembedzo. Woimira boma adali Ernest Pinard, ndipo ine sindigwirizana ndi amene amamutenga ngati munthu wosadziwa kuwerenga. Pinard adaliwerenga bukuli mosamala ndipo adaona chenicheni chimene chidali chachilendo. Adadandaula ndi ndime zingapo, monga ya Emma atangobwera kokumana ndi Rodolphe m'nkhalango, ndi ya wansembe akudzoza mafuta maso, mphuno, pakamwa, manja ndi mapazi a Emma ali pafupi kufa, pamene mlembi akukumbutsa zimene chiwalo chilichonse chidalakalaka. Koma mfundo yake yaikulu idali iyi: m'buku lonseli ndani amene angamudzudzule mkaziyu? Mwamuna wake akumukondabe ngakhale atadziwa zonse. Wansembe, Bournisien, ndi munthu woti Emma atapita kwa iye mtima ukuwawa, iye adangoganiza kuti mwina chakudya sichidamukhale bwino m'mimba. Wogulitsa mankhwala, Homais, ndi wodzitama wopanda nzeru zakuya. Mlembi naye ali chete. Pinard adati imfa ya Emma si chilango, chifukwa adafa pa nthawi imene adasankha yekha, ndipo chidamupha ndi ngongole, osati kulapa.

Apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa pali luso lina la kalembedwe limene lidasokoneza khothi. Tiyerekeze ndi nkhani yakwathu. Ndingathe kulemba kuti: Mayiyo adati, "Ndatopa nawo bambo awa." Apa mawu ndi a mayiyo, aliyense akuona. Ndingathenso kulemba kuti: Mayiyo adaganiza kuti watopa ndi mwamuna wake. Apa ndine ndikukuuzani. Koma pali njira yachitatu: Adawayang'ana akutafuna nsima, msuzi uli pachibwano. Munthu wanji ameneyu! Zaka zonse zatsalazi zidzangokhala chonchi basi? Tsono ndani wanena kuti "munthu wanji ameneyu"? Palibe zizindikiro za mawu olankhulidwa, palibe "adaganiza kuti". Ndi maganizo a mayiyo amene alowa m'kamwa mwa mfotokozankhani osagogoda. Flaubert sadali woyamba kugwiritsa ntchito njira imeneyi, Jane Austen ku England adaigwiritsapo kale, koma iye adaisandutsa msana wa buku lonse. Emma atadziyang'ana pagalasi, akubwerezabwereza kuti tsopano ali ndi chibwenzi, mizere yotsatira ikunena za dziko lodabwitsa la chisangalalo limene akulowamo. Pinard adawerenga mizere imeneyo ngati mawu a Flaubert otamanda chigololo. Koma ndi maloto a Emma, m'mawu amene adawatola m'mabuku a kusukulu ya masisitere aja, ndipo masamba ochepa kutsogolo malotowo aphwanyika. Njira imeneyi imakulowetsa m'mutu mwa munthu n'kukusiya momwemo wopanda wokugwira dzanja. Ukamuda Emma, umapezeka kuti wamva kale ludzu lake. Ukamukonda, umaona mmene akukankhira mwana wake mpaka kuvulala patsaya.

Loya wa Flaubert adali Jules Sénard, munthu wa ku Rouen wodziwana ndi banja lawo, amene adakhalapo nduna ya boma mu 1848. Adalankhula maola oposa anayi. Adawerengera oweruza ndime ya ngolo ija kuti adzimvere okha kuti mulibe liwu lotukwana. Kenaka adachita chimene loya aliyense wanzeru akadachita: adalipatsa bukulo phunziro. Adati likuchenjeza makolo za kuopsa kophunzitsa mwana wamkazi maloto oposa moyo umene adzakhale, ndipo likukokera anthu ku khalidwe labwino powaonetsa kuopsa kwa tchimo. Pa 7 Febuluwale 1857 khothi lidamasula onse atatu, ngakhale m'chigamulo chake lidadzudzula bukulo kuti lidapyola malire m'malo ena. Choncho Flaubert adapulumuka chifukwa loya wake adanena kuti bukulo lili ndi chimene iye mwini adakana kuikamo. Kwa ine, pa awiriwa, amene adalimva bwino bukuli adali wotsutsa uja.

Mu Epulo chaka chomwecho Michel Lévy adalisindikiza ngati buku, m'mavoliyumu awiri, ndime zodulidwa zija zitabwezeretsedwa. Pansi pa mutu wake padali mawu otanthauza "makhalidwe a kumidzi", ndipo Flaubert adalemba mawu othokoza Sénard kumayambiriro. Lévy adagula ufulu wolisindikiza kwa zaka zisanu pa mafulanki 800, mtengo wochepa poyerekeza ndi mmene lidayendera malonda, chifukwa mlandu udali utalitchukitsa kale. Katswiri wounika mabuku wa nthawiyo, Sainte-Beuve, adalemba kuti mwana wa dokotalayu amagwira cholembera ngati mmene ena amagwirira mpeni wa opaleshoni. Miyezi yochepa pambuyo pake, mu Ogasiti 1857, Pinard yemweyo adatengera kukhothi mlakatuli Charles Baudelaire chifukwa cha buku lake la ndakatulo, Les Fleurs du mal, ndipo ulendo uno adapambana: Baudelaire adalipitsidwa mafulanki 300 ndipo ndakatulo zisanu ndi imodzi zidachotsedwa. Revue de Paris nayo boma lidaitseka mu 1858.

Nkhani ya boma kulowerera m'mabuku si yachilendo kwa ife. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo amene adaphunzira m'nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira mabuku osowa m'mashelefu. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidatuluka ku London mu 1981, kenaka lidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu kuno, ndipo mwini wake adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Flaubert adapatsidwa khothi, loya ndi maola anayi odziteteza. Mapanje sadapatsidwe ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Tibwerere ku liwu limene bukuli limadziwika nalo m'makalasi, realism, kutanthauza kalembedwe koonetsa moyo mmene ulili, osaukometsera. Liwuli lidali pakamwa pa anthu ku Paris m'zaka zimenezo. Wojambula zithunzi Gustave Courbet adalilemba pakhomo pa chionetsero chake mu 1855, ndipo ambiri ankalitchula monyoza, ngati kunena kuti munthu akujambula zonyansa. Flaubert mwini ankadana nalo, mpaka adalemba m'kalata ina kuti bukuli adaliyamba chifukwa chodana ndi kalembedwe kameneka. Sankanama. Iye sankafuna kungokopera zimene maso akuona. Ankasankha chinthu chimodzi chaching'ono n'kuchisenzetsa katundu wa tsamba lonse. Bukuli likuyamba ndi chipewa chonyansa cha Charles tsiku lake loyamba kusukulu, chimene anzake akuchiseka, ndipo ukamaliza kuwerenga za chipewacho wamudziwa munthuyo mpaka ku imfa yake. Pali maluwa a ukwati a Emma, ouma, amene akuwapeza m'kabati, waya wake n'kumubaya chala, iye n'kuwaponya pamoto.

Chaputala chimene ndimachibwereza kawirikawiri ndi cha chionetsero cha zaulimi ku Yonville. Aliyense amene adakhalapo pa chionetsero chotere kuno, mlendo wolemekezeka atachedwa, alimi ali padzuwa ndi mbuzi zawo, achizindikira msanga. Pansi pabwalo mkulu wa boma akuwerenga zolankhula zake zotamanda ulimi ndi chitukuko. M'chipinda cha pamwamba Rodolphe akunong'oneza Emma za mitima iwiri imene idalengedwa kuti ikumane. Flaubert adaluka mawu awiriwa ngati mkeka, mzere uwu wachikondi, mzere wotsatira mphoto ya manyowa abwino, wina wachikondi, wina mphoto ya nkhumba. Sakunena kuti onse awiri akunama. Khutu lako lokha limamva kuti mawu onsewo ndi obwereka. Pakati pa phokosolo akuitanidwa gogo wina wantchito, Catherine Leroux, amene wagwira ntchito pafamu imodzi zaka 54, kuti alandire mendulo ya siliva ya mafulanki 25. Manja ake ndi okakala moti sangathenso kutambasuka bwino. Atalandira akunena kuti akaipereka kwa wansembe kuti amuchitire Misa. Ndime imeneyi ndi yaifupi, koma ine ndimaona kuti mlembi amene ankati alibe mbali, apa mtima wake udaonekera m'kusankha kwake chimene tiyang'ane.

Anthu ambiri amalikumbukira bukuli ngati la chigololo, koma amene adakhalapo ndi ngongole ya katapila adzaliwerenga mwina. Lheureux sakakamiza. Amabwera ndi nsalu, n'kunena kuti ndalama si vuto, adzalipira akadzapeza. Kenaka pepala loti asainire, kenaka pepala lina lobweza loyamba lija, chiwongoladzanja chili pamwamba, kenaka amulangiza Emma kuti atenge chilolezo choyendetsa chuma cha mwamuna wake. Pomaliza akunena kuti mapepalawo adawagulitsa kwa mnzake wina, ndiye iye sangachitepo kanthu. Flaubert adatsata ndondomeko imeneyi mosamala ngati mlembi wa banki m'khonde. Amene adaonapo masherifu akutulutsa mipando ndi firiji m'nyumba ya mnansi ku Kawale kapena ku Area 25, anthu ataima m'mipanda kuonerera, adziwa manyazi amene Emma adawaona pamene chikalata cholengeza kugulitsidwa kwa katundu wake chidamatidwa pamsika. Zilakolako zake adazitenga m'mabuku ndi m'magazini a mafashoni a ku Paris. Lero zikadamufikira pafoni. Mu 1892 Jules de Gaultier adapanga liwu kuchokera ku dzina lake, bovarysme, kutanthauza kudziona ngati munthu wina amene suli.

Komabe sindifuna kuti zimveke ngati vuto lonse ndi la Emma. Mkazi wapabanja wonga iye m'tauni ngati Yonville sakadatha kugwira ntchito yolembedwa, kuyenda yekha kapena kuthetsa banja, chifukwa lamulo la France lidaletsa kusudzulana kuyambira 1816 mpaka 1884. Ali ndi pakati ankalakalaka mwana wamwamuna, poti mwamuna ndi mfulu, ndipo atamva kuti ndi wamkazi adatembenuka n'kukomoka. Amuna a m'bukuli amalakwa koma amapitirira ndi moyo. Homais ndiye adakopa Charles kuti achite opaleshoni phazi lopindika la Hippolyte, mnyamata wa panyumba ya alendo uja, kuti tauni yawo itchuke m'nyuzipepala. Phazi lidawola, mwendo adaudula, manyazi adagwera Charles, Homais adangosuntha n'kuyamba nkhani ina.

Kuchokera pa bukuli njira zidagawikana zambiri. Guy de Maupassant adaphunzira kulemba pamapazi a Flaubert. Émile Zola ndi anzake adalitenga ngati chiyambi cha kalembedwe kawo. Eleanor Marx, mwana wa Karl Marx, adalimasulira m'Chingerezi mu 1886. Luso lija lolowa m'mutu mwa mpangankhani lidapitirira kwa Henry James, James Joyce ndi Virginia Woolf, ndipo Mario Vargas Llosa wa ku Peru adalemba buku lathunthu mu 1975 lofotokoza chikondi chake pa Madame Bovary. Lero njirayi ili ponseponse moti sitiizindikiranso kuti idachita kuyambidwa.

Ndikaliika pambali pa mabuku athu, ndimaganiza za Nthondo wa Samuel Josia Ntara, wa mu 1933, amene T. Cullen Young adamumasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Ntara naye adali ndi diso la zinthu zenizeni: moyo wa m'mudzi wa Achewa, njala, milandu, maliro, ulendo wokafuna ntchito. Ndimalilemekeza kwambiri bukulo. Koma lidabadwira pamishoni, ndipo njira ya Nthondo ikupita ku kutembenuka mtima, owerenga atagwidwa dzanja mpaka kufika. Sindikunena kuti nthano ya phunziro ndi yotsika. Idatilera, ndipo ili ndi ntchito yake. Chimene ndimalakalaka n'chakuti olemba athu achinyamata adziwe kuti njira inayi iliponso m'Chichewa, kuti ungathe kulemba za mayi wa ku Chinsapo amene wamira m'ngongole ndi m'chibwenzi, n'kumupatsa ulemu womuyang'anitsitsa osathamangira kumuweruza pa tsamba lomaliza.

Achemwali anga nditawafotokozera zonsezi adakhala chete pang'ono, kenaka adati amene adawalowa mumtima si Emma kapena Charles, koma mwana. Adatsegula tsamba lomaliza n'kuwerenga. Charles, atapeza makalata a zibwenzi za mkazi wake, adafa ali khale pabenchi m'munda, ndipo amene adamupeza ndi Berthe, akuyesa kuti bambo ake akuchita masewera. Katundu yense atagulitsidwa padatsala mafulanki 12 ndi masentimu 75, amene adalipirira ulendo wa mwanayo kupita kwa agogo ake aakazi. Agogowo adamwalira chaka chomwecho. Agogo ake aamuna adali atafa ziwalo, choncho adamutenga ndi azakhali ena osauka, amene adamutumiza kukagwira ntchito kufakitale yopota thonje. Zonsezi Flaubert adazinena m'mizere yowerengeka. Kenaka akutiuza kuti madokotala atatu adayesa kukhazikika ku Yonville koma Homais adawagonjetsa onse, makasitomala ake ndi osaneneka, akuluakulu a boma amamusamala, ndipo chiganizo chomaliza cha bukuli chikuti wangolandira kumene mendulo yaulemu ya dziko.